Kukwera Sitima Yodutsa M'mapiri: Mmene Mungakonzere Ulendo Kuti Mapiriwo Mukawaonedi

Ambiri amene amakwera sitima zodutsa m'mapiri amafika bwinobwino kumene akupita, koma chimene analipirira sachiona. Wina chigawo chokongola cha njanji amachidutsa dzuwa litalowa. Wina amakhala mbali ya khoma la thanthwe, chigwa chonse chili ku zenera la anzake. Winanso amafika pa siteshoni tikiti ili m'manja, n'kuuzidwa kuti tikiti yokha siikwanira, mpando anayenera kusungitsiratu. Zonsezi zimalakwika munthu asanakwere n'komwe.

Pa ulendo wa maola 8 kapena wa masiku awiri, malo ochititsa kaso sakhala ponseponse. Amakhala pa zigawo zingapo za njanjiyo. Ntchito yanu ndi kuonetsetsa kuti sitima ikamafika pamenepo kunja kukhale kukuwala, inu muli maso, ndipo mwakhala mbali yoyenera.

## Zofunika kukhala nazo

Pokonza ulendo:

- Mapu a njanjiyo oonetsa masiteshoni onse, osati poyambira ndi pothera pokha
- Ndondomeko ya nthawi za sitima ya mwezi umene mudzayende, poti imasintha ndi nyengo
- Nthawi yotuluka ndi yolowa dzuwa m'deralo pa tsiku la ulendo
- Pasipoti, ndi viza ngati dzikolo likufuna
- Khadi ya kubanki yolipirira pa intaneti

M'kachikwama koyenda nako m'manja:

- Tikiti ndi umboni wa mpando, pa foni komanso papepala
- Zovala zotha kuvula ndi kuvala msanga: malaya opepuka, juzi, jekete. Chapamwamba chikhale chakuda (chifukwa chake chili pa sitepe 8)
- Magalasi a dzuwa
- Botolo la madzi ndi kamba wa panjira
- Mankhwala amene mumamwa tsiku ndi tsiku
- Chaja, pawabanki ndi adaputa yogwirizana ndi masoketi a dzikolo
- Kansalu kofewa kopukutira galasi
- Chingamu kapena maswiti

## 1. Sankhani njanji poona nthawi imene muli nayo

Musayambire pa zithunzi. Yambani ndi funso lakuti mungakhale pampando maola angati musanatope ndi zenera.

Wa maola anayi kapena asanu ali ndi Bernina Express, yochoka ku Chur ku Switzerland kukafika ku Tirano ku Italy: makilomita 144, milatho 196, mapanga oboola mapiri 55. Alinso ndi TranzAlpine ya ku New Zealand, yochoka ku Christchurch kupita ku Greymouth, makilomita 223. Wa tsiku lathunthu angakwere Glacier Express, makilomita 291 pakati pa Zermatt ndi St. Moritz ku Switzerland, imene imatenga maola pafupifupi 8, kapena sitima ya pakati pa Oslo ndi Bergen ku Norway, ya maola pafupifupi 7. Wofuna kugona m'sitima ali ndi California Zephyr ya kampani ya Amtrak ku America, yochoka ku Chicago kukafika ku Emeryville pafupi ndi San Francisco, makilomita oposa 3,900, usiku uwiri panjira.

Kwa amene akuyamba kumene, ine ndingasankhe Bernina. M'maola ochepawo imakwera kufika pa Ospizio Bernina, mamita 2,253, pakati pa miyala ndi madzi oundana, kenako n'kutsetsereka mpaka ku Tirano, mamita 429, kumene kumamera mphesa. Zimene sitima zina zimakugawirani pang'onopang'ono tsiku lonse, iyi imakuthirani zonse pamodzi.

Chenjezo: fufuzani ngati sitimayo ikuyenda mwezi umenewo. Glacier Express imapumula chaka chilichonse kuyambira chapakati pa Okutobala mpaka mu Disembala. Rocky Mountaineer ya ku Canada imayenda kuyambira Epulo mpaka Okutobala basi.

## 2. Lembani malo atatu kapena anayi amene simukufuna kuwaphonya

Tengani mapu, chongani malowo, ndipo pambali pa dzina lililonse lembani siteshoni imene sitima imadutsa musanafikepo. Siteshoni imeneyo ndiyo idzakudzutseni.

Pa Glacier Express malowo ndi mpata wa Oberalp, pamene njanji imafika mamita 2,033. Chigwa chakuya cha mtsinje wa Rhine pakati pa Ilanz ndi Reichenau, chokhala ndi makoma oyera a miyala. Ndi mlatho wa Landwasser pafupi ndi Filisur, wotalika mamita 65 kuchoka pansi, umene umakhota n'kukalowa m'phanga la pakhoma la phiri. Bernina nayo imadutsa pa mlatho wa Landwasser womwewo, ndipo onjezani nyanja ya Lago Bianco, siteshoni ya Alp Grüm, ndi mlatho wozungulira wa ku Brusio, pamene sitima imazungulira n'kudutsa pansi pa njanji yake yomwe. Ku Norway ndi dera la Finse, siteshoni ya pamwamba kwambiri pa njanjiyo, mamita 1,222. Pa California Zephyr ndi chigawo chochoka ku Denver kukwera mapiri a Rocky mpaka ku Glenwood Springs, ndiponso mpata wa Donner m'mapiri a Sierra Nevada.

Malo ena amadutsa mofulumira kuposa mmene mungaganizire. Mlatho wa Landwasser sitima imauwoloka osakwana mphindi imodzi. Amene wapita kuchimbudzi nthawi imeneyo wauphonya, ndipo sitima sibwerera m'mbuyo.

## 3. Yerekezani nthawi ya sitima ndi nthawi ya dzuwa

Apa ndi pamene pagona ulendo wonse, ndipo ndi sitepe imene ambiri amaidumpha.

Pambali pa malo amene mwachonga aja, lembani ola limene sitima idzafikepo. Kenako onani nthawi yolowa dzuwa ya tsikulo. Mukatero chotsanipo ola limodzi kapena kuposerapo, chifukwa nthawi imene imalembedwa ija siiwerengera mapiri. M'chigwa chakuya dzuwa limabisika kuseri kwa phiri kale kwambiri nthawiyo isanakwane, ndipo pansi pamakhala mthunzi wokhawokha nsonga za mapiri zikadali kuwala.

Kumayiko a kumpoto kwambiri kusiyana kwa nyengo n'kwakukulu. Ku Oslo kumapeto kwa Disembala dzuwa limalowa 3 koloko masana itangopitirira pang'ono, pomwe mu Juni limalowa 10 koloko usiku itadutsa. Ndiye kuti sitima ya masana yochoka ku Oslo, imene mu Juni ingakuonetseni njira yonse, mu Disembala idzadutsa pa Finse kuli bii. Nyengo yozizira kwerani ya m'mawa. Ya usiku ilipo pa njanjiyi, ndipo ndi yabwino kwa wothamangira ntchito, osati wofuna kuona mapiri.

Kuwerengera komweku n'kumene kumakuuzani kumene muyambire. California Zephyr yopita kumadzulo imanyamuka ku Denver m'mawa, motero mapiri a Rocky imawakwera masana onse. Yopita kum'mawa imatsikira ku Denver madzulo, ndipo ikachedwa pang'ono, kapena ikakhala nyengo ya masiku aafupi, chigawo chotsetserekera kumzindawo mumachidutsa mumdima. Glacier Express nayo ndi chimodzimodzi: mlatho wa Landwasser uli chakufupi ndi St. Moritz, choncho woyambira ku St. Moritz amauona m'mawa, pomwe woyambira ku Zermatt amaufika chakumadzulo atakhala kale pampando maola ambiri. Mu Disembala ndi kumayambiriro kwa Januwale, ku Switzerland dzuwa limalowa 5 koloko isanakwane, ndiye ganizirani bwino.

Chenjezo: pa maulendo a masiku angapo, siyani mpata wa kuchedwa. Ku America njanji zambiri ndi za makampani a sitima za katundu, ndipo sitima ya anthu imatha kuima m'mbali kudikira kuti ya katundu idutse. Maola awiri otayika m'chigwa amakaonekera kumapiri.

## 4. Siyanitsani tikiti ndi kusungitsa mpando

Ku Amtrak mukagula tikiti ndiye kuti malo mwapeza, ndipo mukatenga kachipinda kogona, chakudya chimakhala momwemo. Ku Switzerland n'zosiyana. Pa Glacier Express ndi m'mabogi a mazenera aakulu a Bernina Express mumalipira zinthu ziwiri: tikiti ya ulendo, ndi ndalama yapadera yosungitsira mpando. Chiphaso chokwerera sitima zosiyanasiyana kwa masiku angapo, monga Swiss Travel Pass, Eurail kapena Interrail, chimalowa m'malo mwa tikiti yokha. Mpando mudzalipirabe.

Tsatani ndondomeko iyi:

1. Onani kaye ngati mipando ilipo pa tsiku ndi sitima imene mukufuna.
2. Sungitsani mpando.
3. Kenako gulani tikiti kapena chiphaso chogwira tsiku lomwelo ndi kalasi yomweyo.

Musagule chiphaso cha kalasi yachiwiri n'kusungitsa mpando wa kalasi yoyamba. Kondakitala adzakuuzani kuti muonjezere ndalama. Dziwaninso kuti Interrail ndi ya anthu okhala ku Ulaya, Eurail ndi ya ochokera kunja.

Mipando ya pazenera ya mu Julayi, Ogasiti ndi nyengo ya Khirisimasi imatha kudakali milungu. Ku Norway ndi ku America mtengo umakwera malo akamatha, kotero wogula msanga amapindula pawiri.

## 5. Pezani mbali yoyenera

Funso lakuti "ndikhale kumanja kapena kumanzere" silikhala ndi yankho musanatchule kumene sitima ikulowera. Pa Bernina Express yochoka ku Chur kupita ku Tirano, kumanja ndiko kumaonekera bwino mlatho wa Landwasser, nyanja ya Lago Bianco ndi madzi oundana a ku Morteratsch. Pobwerera, zomwezo zili kumanzere.

Pali msampha wina. Sitima zina zimatembenuka panjira. Glacier Express ikafika ku Chur imatuluka chobwerera, kutsogolo kumasanduka kumbuyo. Inu simunasunthe, koma amene munayang'ana kutsogolo tsopano mukuyenda chafutambuyo, ndipo zenera limene linali kumanja kwa ulendo lili kumanzere. N'chifukwa chake malangizo a anthu pa sitimayi amaoneka ngati akutsutsana. Njira yosavuta ndi kuona pa mapu kuti malo anu aja ali kumpoto kapena kumwera kwa njanji, osati kuloweza kumanja ndi kumanzere.

Nthawi zina chithunzi cha mipando cha pa intaneti sichionetsa kumene bogi idzayang'ane tsikulo. Zikatero, ngati muli awiri, ganizirani zotenga mipando ya pazenera mbali zonse ziwiri n'kumasinthana. Ngati muli nokha, dziwani malo oimirira: pa khomo la bogi pamakhala zenera mbali zonse. California Zephyr ili ndi bogi yoonera malo, ya mazenera ofika kudenga, imene mipando yake ndi ya wofika msanga. Pitaniko sitima isananyamuke ku Denver, osati mapiri atayamba. TranzAlpine ili ndi bogi yopanda magalasi m'mbali, yoimirira, ndipo kumeneko jekete ija imagwira ntchito.

## 6. Ganizirani sitima wamba za pa njanji yomweyo

Ambiri sadziwa kuti mapiri a Bernina ndi omwewo kaya mwakwera sitima yotchuka kapena ya anthu a m'deralo. Kampani ya Rhaetian Railway imayendetsa sitima wamba pa njanji yomweyi pafupifupi ola lililonse, zosafuna kusungitsa mpando. Mabogi ena akale mazenera ake amatseguka, chinthu chimene m'mabogi a magalasi aakulu mulibe. Mungathe kusamuka mbali mmene mukufunira, kutsika pa Alp Grüm, kumene kulibe msewu wa galimoto, kukhala ola limodzi mukuyang'ana chigwa cha Poschiavo, n'kukwera yotsatira.

Njira ya Glacier Express nayo imayendeka ndi sitima wamba, kungoti mumasintha kangapo, monga pa Visp, Andermatt ndi Disentis. Wa masutikesi awiri kapena woyenda ndi agogo, kusinthasinthako kungamutopetse, ndipo bogi imodzi yochoka poyambira mpaka pothera ndi mpumulo weniweni. Koma wa chikwama cha kumsana, wokonda kujambula, sitima wamba imamukomera kuposa yodula.

Sitima wamba zili ndi ubwino winanso: mumasankha tsiku mutaona nyengo. Mpando wosungitsa miyezi iwiri m'mbuyo sudziwa kuti tsikulo kudzagwa nkhungu.

## 7. Konzani za kumapeto kwa njanji

Sitima za m'mapiri kawirikawiri zimathera m'matauni aang'ono. Ku Tirano kuli masiteshoni awiri oyang'anizana pa bwalo limodzi, ya sitima za ku Switzerland ndi ya za ku Italy, ndipo kukafika ku Milan ndi maola ena awiri ndi theka, pa tikiti ina. Mwawoloka malire, ndiye pasipoti ikhale pafupi, ndipo ndalama zasintha kuchoka pa franc kupita pa euro. Switzerland siili mu European Union, choncho simu khadi yogulidwa m'dziko la bungweli mwina singagwire kumeneko pa mtengo womwewo. Ku Zermatt sikulowa galimoto za anthu wamba, zimatsala ku Täsch. California Zephyr siilowa mu San Francisco, mumatsikira ku Emeryville n'kukwera basi.

Chenjezo: musaike ndege tsiku lomwe mukutsika sitima ya ulendo wautali. Gonani kaye.

## 8. Tsiku la ulendo

Fikani pa siteshoni kudakali mphindi 20 kapena 30, pezani nambala ya bogi yanu musanakwere. Sitima zina zimagawika panjira, mabogi ena kupita kwina, ndiye kukhala m'bogi ya eni si nkhani ya mpando wokha. Chikwama chachikulu ikani pa malo a katundu, kachikwama kaja kakhale nanu. Ku Amtrak katundu amene mwapereka kuti asungidwe simumuonanso mpaka potsika, choncho mankhwala asakhale mmenemo.

M'mabogi a magalasi ofika kudenga mumatentha dzuwa likawala, ngakhale kunja kuli chipale chofewa. Vulani jekete, valani magalasi a dzuwa, chifukwa kunyezimira kwa chipale kumawawitsa maso ndi mutu.

Pojambula:

- Pukutani galasi mkati, pamene pagunda zala ndi zipumi za anzanu.
- Gunditsani foni pagalasi penipeni. Mukaisiya patali, chithunzi chimatuluka ndi magetsi a m'bogi ndi nkhope yanu.
- Zimitsani fulashi.
- Chovala choyera chimaonekera pagalasi ngati pa kalilole. Chakuda sichitero.
- Lozani kamera chakutsogolo kapena chakumbuyo pang'ono. Mitengo ya pafupi ndi njanji imathamanga kwambiri, zakutali n'zimene zimatuluka bwino.
- Pofuna kujambula sitimayo ikukhota pa mlatho, bogi ya kumbuyo ndiyo yabwino, poti mumaona mutu wake uli patsogolo.

Koma musaone ulendo wonse kudzera pa foni. Pa malo anayi aja, sankhani awiri ojambula, awiri ongoyang'ana.

Sitima ikaima pa siteshoni ya pamwamba ndipo alengeza kuti mungatsike, funsani kuti ndi mphindi zingati, ndipo musatalikire khomo. Ngati zenera ndi lotseguka, mutu ndi mikono zisatuluke: makoma a mapanga ndi mapolo a magetsi amadutsa pafupi kwambiri. M'phanga la Moffat ku Colorado, pa njira ya California Zephyr, lotalika makilomita pafupifupi 10, amapempha anthu kuti asatsegule zitseko za pakati pa mabogi chifukwa cha utsi wa injini. Pitani kuchimbudzi lisanafike.

## 9. Samalani thupi sitima ikamakwera

Makutu akatseka, mezani malovu, yasamulani kapena tafunani chingamu. Mwana wakhanda muyamwitseni kapena mumupatse chakumwa. Amene amachita nseru pa njira zokhotakhota akhale moyang'ana kutsogolo, asawerenge, ndipo mankhwala amwe asanakwere. Pa ulendo wa maola ambiri imirirani muziyendayenda kuti magazi aziyenda m'miyendo.

Matenda obwera chifukwa cha kuchepa kwa mpweya kumtunda amayamba kawirikawiri munthu akapitirira mamita 2,500. Sitima za ku Switzerland ndi Norway tatchulazi sizifika pamenepo, ndipo phanga la Moffat, la pa mamita 2,800 ndi kanthu, mumalidutsa mosakhalitsa. Nkhani imasintha pa njanji ya ku Lhasa ku Tibet, yotsegulidwa mu 2006, imene pa mpata wa Tanggula imafika mamita 5,072 ndipo m'mabogi amaonjezeramo mpweya wa okosijeni. Ya ku Peru yochoka ku Lima kupita ku Huancayo nayo imapitirira mamita 4,700. Pa maulendo ngati amenewa, wodwala mtima kapena mapapo ndi mayi woyembekezera aonane kaye ndi dokotala. Imwani madzi, mowa usiyeni, ndipo mutu ukamapweteka kwambiri, mukamasanza kapena kubanika, uzani ogwira ntchito m'sitima nthawi yomweyo.

## Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri

Kuyembekezera zimene njanjiyo inasiya kudutsako. Glacier Express inayamba mu 1930, ndipo kale inkakwera phiri la Furka pafupi ndi madzi oundana a Rhône. Kuyambira 1982 imadutsa pansi, m'phanga la makilomita 15. Wofuna kuona madzi oundana pafupi akwere Bernina.

Kupita ndi kubwerera tsiku limodzi pa njanji yaitali. Maola anayi oyamba maso amakhala pazenera, anayi obwerera amakhala otseka. Ngati n'kotheka bwererani njira ina, kapena gonani kumeneko.

Kudalira netiweki. M'mapanga ndi m'zigwa imasowa, ndipo nthawi zambiri kondakitala amafika pomwepo. Sungani tikiti ndi mapu mufoni musananyamuke.

Kuitanitsa chakudya pa nthawi yolakwika. Pa Glacier Express chakudya amabweretsa pampando, zimene n'zabwino. Koma pa sitima imene muyenera kupita ku bogi yodyera, onani kaye pepala lanu lija kuti musakhale pamzere nthawi imene chigwa chikudutsa. Musaganizenso kuti sitima iliyonse yotchuka ili ndi khitchini: pa Bernina Express mumapezeka zakumwa ndi tokhwasula basi.

Kusokoneza nyengo za kumpoto ndi kumwera. Chipale chofewa pa TranzAlpine n'cha Juni mpaka Ogasiti. Ku mapiri a Alps a ku Switzerland ndi ku Norway miyezi imeneyo ndi ya udzu wobiriwira ndi masiku aatali.

Kuiwala zilolezo zapadera. Mlendo wopita ku Lhasa amafunika chilolezo cholowera ku Tibet kuwonjezera pa viza ya China, ndipo popanda icho sakwera sitima.

Kusaona zidziwitso dzulo lake. Njanji za m'mapiri zimatsekedwa chifukwa cha miyala yogumuka, chipale chochuluka kapena ntchito yokonza, ndipo kampani imaika basi m'malo mwa sitima pa chigawocho. Onani pa tsamba kapena pulogalamu ya kampaniyo madzulo a tsiku loti mawa lake ndi ulendo. Ngati chigawo chotsekedwacho ndi chimene chili ndi malo anu aja, funsani zosintha tsiku musanakwere, chifukwa mukayamba ulendo tikitiyo imawerengedwa kuti yagwira ntchito.